Chambo chinakoma, koma chokuzira mawu chinakondera: madzulo okambirana za anthu otchuka ndi upulezidenti

Pali malo odyera ena kuno ku Blantyre, chakufupi ndi Mandala, amene kwa miyezi ingapo tsopano akhala akukonza madzulo a zokambirana Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse. Munthu amalipira K25,000, ndalama imene imaphatikiza chakudya chamadzulo ndi chakumwa chimodzi, ndipo mbale zikachotsedwa pamatebulo anthu anayi oitanidwa amakhala kutsogolo n'kukambirana nkhani imodzi kwa ola limodzi ndi theka, kenaka omvera amapatsidwa mpata wofunsa mafunso. Ine ndinali ndisanapiteko, koma alamu anga, amene sajomba, atandiuza kuti mutu wa mwezi uno ndi wakuti kodi oimba, azisudzo, osewera mpira ndi anthu ena otchuka azipikisana nawo pa mpando wa mtsogoleri wa dziko, ndinawapempha kuti andisungire malo. Voti yanga yoyamba ndinaponya pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinaphonyepo chisankho, choncho nkhani ya munthu amene tingamusiyire dziko lino m'manja imandikhudza kwambiri. Dzina la malowa ndilisunga, chifukwa madandaulo amene ndili nawo ndinawatula kale kwa eni ake pamaso, ndipo sindikufuna kuti ntchito yabwino imene ayamba ifooke chifukwa cha zolakwika za usiku umodzi.

Kusungitsa malo sikuvuta. Alamu anatumiza uthenga pa WhatsApp, analipira pafoni, ndipo pofika pakhomo tinapeza mayina athu alembedwa kale m'kope. Chimene chinandikhumudwitsa poyamba ndi nthawi, chifukwa chikalata choitanira anthu chinanena kuti chakudya chiyamba 6 koloko, koma mbale yoyamba inatuluka kukhitchini itadutsa 7 koloko, ndipo kuchedwa kumeneku ndi kumene kunadya nthawi ya mafunso kumapeto. Chipinda chake ndi chachikulu bwino, chimalowa anthu ngati makumi asanu ndi limodzi osapanikizana, ndipo matebulo anawayala mwakuti aliyense ankaona kutsogolo popanda kupotoza khosi.

Pa chakudya ndilibe chodandaula cha ine mwini. Mnyamata woperekera zakudya anabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, musambe," ulemu umene ukusowa m'malo ambiri odyera masiku ano. Ndinaitanitsa chambo chowotcha pamakala ndi nsima, ndipo anandibweretsera nsomba yonse yathunthu, yotsegulidwa kumsana, khungu lake louma bwino koma mnofu wake wofewa ndi wotentha mpaka pafupa. Mchere unali wokwanira, ndipo anaikako ndimu ndi tsabola wa kambuzi pambali m'malo mothira zokometsera zambirimbiri zimene zimabisa kukoma kwa nsomba. Nsima inali ya ufa woyera, yopsa bwino, yopanda mibulu, ndipo nkhwani wotendera unali ndi nsinjiro zokwanira moti sunali wamadzimadzi. Thobwa lawo ndi lamawere, lozizira, losachulukitsa shuga. Alamu anga sanachite mwayi wotere, chifukwa nkhuku ya lokolo imene anaitanitsa inafika itazizira ndiponso yolimba, zooneka kuti inaphikidwa masana n'kungoitenthetsa mwachangu. Atamuuza mnyamatayo anapepesa n'kukaitenthetsanso, koma kulimbako sikunachoke. Wopita kumeneko ndingamulangize kuti asankhe nsomba.

Zokambirana zinayamba 8 koloko itatsala pang'ono kukwana. Kutsogolo kunakhala mphunzitsi wa zandale wa kusukulu ina ya ukachenjede, bambo wina wachikulire amene anapuma pantchito m'boma atagwira zaka zambiri ku ofesi yokonza ndondomeko ya zachuma, mayi wina wogulitsa nsalu mumsika wa Limbe amene ndi wapampando wa gulu la banki m'khonde, ndiponso mnyamata woimba amene nyimbo zake zikumveka pawailesi ndi m'maminibasi masiku ano. Wotsogolera zokambirana anali mayi wa mawu omveka bwino, wodziwa kugwira chokuzira mawu, ndipo kasankhidwe ka anthu anayiwa n'koyamikirika, chifukwa aliyense anaiona nkhaniyi kuchokera pamene waima.

Mphunzitsi uja anachita bwino kuyamba ndi lamulo, chifukwa anthu ambiri timakangana pa nkhani imene malamulo aakulu a dziko lino anaithetsa kale. Anafotokoza kuti gawo 80 limafuna kuti wopikisana pa upulezidenti akhale nzika ya Malawi mwa kubadwa kapena mwa makolo, ndiponso akhale atakwanitsa zaka 35, ndipo limaletsa anthu monga amene khoti linawapeza kuti mutu wawo sukuyenda bwino, amene analephera kubweza ngongole mpaka khoti kuwalengeza kuti ndi okhonyoka pachuma, kapena amene anapezeka olakwa pa mlandu wa chinyengo m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Za ntchito monga kuimba, ulimi, ubusa kapena uloya, lamulo silinenapo kanthu, ndipo silifunanso digiri. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 panali mayina 17 pa pepala loponyera voti ya pulezidenti, umboni wakuti khomo ndi lotsegula kwa aliyense amene akwanitsa zofunikazo. Choncho funso lakuti aloledwe kapena asaloledwe lilibe ntchito, anatero mphunzitsiyo, ndipo lotsala ndi lakuti kodi iwo eni achita bwino kuima, nanga ife tichita bwino kuwavotera. Mphindi khumi zimenezi zinakonza njira ya usiku wonse, ndipo ndikanakonda kuti mawailesi athu aziyamba chonchi akamatsegula mafoni kwa omvera.

Woimba uja atalandira chokuzira mawu, mafoni ambiri m'chipindamo anakwezedwa m'mwamba kuti amujambule. Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti mnyamatayu anabwera atakonzeka, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yovuta kuikana. Anati kuchokera mu 1994 dziko lino lalamulidwa ndi munthu wamalonda, katswiri wa zachuma amene anatsogolerapo bungwe la COMESA, mayi womenyera ufulu wa amayi, pulofesa wa zamalamulo amene anaphunzitsa zaka zambiri ku America, ndiponso m'busa amene anatsogolera mpingo waukulu, koma anthu akugonabe pamizere ya mafuta ndipo achinyamata omaliza sukulu akungoyendetsa kabaza. Ngati ophunzira ndi odziwa ndale atifikitsa pamene tilipa, n'chifukwa chiyani woimba ndiye aziuzidwa kuti sadziwa kanthu? Anatchula Volodymyr Zelensky wa ku Ukraine, wazisudzo amene anapambana mu 2019 ndi mavoti pafupifupi 73 pa 100 alionse ndipo sanathawe dziko lake nkhondo itabuka mu 2022. Anatchulanso George Weah, katswiri wa mpira wa ku Liberia, ndi Bobi Wine, woimba wa ku Uganda, amene anapikisana ndi Yoweri Museveni mu Januwale 2021 ngakhale ankamangidwa ndi kumenyedwa. Anati woimba amayenda m'maboma onse, amagona m'malo ogona alendo otchipa, amamva zimene anthu akulira, pamene andale amaona dziko kudzera pagalasi lakuda la galimoto. Anamaliza ndi mwambi wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'manja munawombedwa kwa nthawi yaitali.

Yankho la bambo opuma pantchito aja ndi limene ndinapitira kumeneko, ngakhale sindinkadziwa. Iwo sanatsutse kuti ophunzira atikhumudwitsa, koma anapempha kuti tiyambe taona ntchito imene tikufuna kulemba munthuyo. Anafotokoza modekha kuti pulezidenti amasankha nduna ndi akuluakulu a nthambi za boma, amasainira malamulo ochokera ku Nyumba ya Malamulo kapena kuwabweza, ndi mkulu wa asilikali, ndipo amayenera kusankha pakati pa zinthu ziwiri zopweteka pafupifupi tsiku lililonse. Anapereka chitsanzo cha kugwetsedwa mphamvu kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kunena kuti amene ali pampando nthawi ngati imeneyo amakhala ndi akatswiri awiri patsogolo pake, wina akuti gwetsani, wina akuti musagwetse, onse ali ndi mapepala odzaza manambala, ndipo iye ayenera kudziwa funso loti awafunse kuti aone amene akumubisira kanthu. Ndalama zakunja zikachepa, wina ayenera kunena ngati zotsalazo zigule mafuta, feteleza kapena mankhwala a m'zipatala, ndipo chilichonse chimene angasankhe, anthu ena alira. Kenaka ananena chinthu chimene ndakhala ndikuchisinkhasinkha sabata yonse, chakuti anthu amene amasonkhana pamaso pa woimba amakhala atabwera chifukwa amamukonda kale, ndipo luso lake lonse ndi lowapatsa chimene akufuna, pamene ntchito ya mtsogoleri wa dziko nthawi zambiri ndi kukaniza anthu chimene akufuna, kuphatikizapo abale ake ndi anzake amene anamuthandiza pa kampeni. Munthu amene wazolowera kuwomberedwa m'manja kuyambira ali mnyamata, kodi angapirire kukuwizidwa pa chinthu choyenera?

Bambowa anatenganso zitsanzo za woimba uja n'kuzitembenuza. George Weah analandira mphoto ya Ballon d'Or mu 1995, ndipo panalibe munthu wotchuka kumuposa m'dziko la Liberia, koma atapikisana mu 2005 anagonja kwa Ellen Johnson Sirleaf. Anabwerera kusukulu, anaimanso ngati wachiwiri mu 2011 n'kugonjanso, anasankhidwa kukhala seneta mu 2014, ndipo mpando wa pulezidenti anaupeza pa chisankho cha 2017, patatha zaka 12 akuphunzira ndale. Ronald Reagan, amene anthu amakonda kumutchula kuti anali wa mafilimu, anayamba wakhala bwanamkubwa wa California kuyambira 1967 mpaka 1975 asanalowe ku White House mu 1981. Bobi Wine naye anayamba ndi uphungu mu 2017. Apa ndinaona kuti bambowa anasiya chitsanzo chimodzi chimene chikanasokoneza mfundo yawo, ndipo ndikanapatsidwa mpata ndikanachitchula. Joseph Estrada wa ku Philippines, amene anatchuka ndi mafilimu, anadutsa makwerero onse, umeya, useneta ndi uwachiwiri kwa pulezidenti, koma atasankhidwa mu 1998 anachotsedwa pampando mu Januwale 2001 pa nkhani za katangale. Kudutsa m'maudindo aang'ono kumaphunzitsa munthu ntchito ndipo kumatipatsa ife mpata womuona, koma sikumusandutsa wokhulupirika. Za Weah ndiwonjezere ndekha kuti atagonja kwa Joseph Boakai mu 2023 anavomereza msanga, chinthu chimene atsogoleri ambiri ophunzira bwino a mu Africa muno chimawakanika.

Cholakwika choyamba cha wotsogolera zokambirana chinali chakuti analola theka la nthawi kutha tili ku Ukraine, ku Liberia ndi ku California, ngati kuti kwathu kuno nkhaniyi ndi yachilendo. Zinatengera agogo ena ochokera ku Ndirande kuimirira asanapatsidwe mpata n'kufunsa kuti, "Ana anga, nanga a Manganya mwawaiwala?" Chipinda chonse chinaseka, koma funsolo linali la nzeru kuposa ambiri amene anafunsidwa usikuwo. Michael Usi anadziwika m'nyumba iliyonse ya m'dziko muno ndi dzina la Manganya kudzera m'sewero la Tikuferanji, ndipo pambali pa zisudzo anatsogolera bungwe lothandiza anthu la ADRA kwa zaka zambiri. Anaima ngati wachiwiri wa Saulos Chilima mu 2019, anakhala nduna kuyambira 2020, ndipo analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024, Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Mu 2025 anaima payekha ndi chipani cha Odya Zake Alibe Mlandu. Munthu ameneyu anali ndi zonse ziwiri zimene anthu a kutsogolo aja ankakangana, kutchuka ndi kuzolowera maudindo, komabe mavoti ake sanayandikire n'komwe a Peter Mutharika, amene anapambana ndi pafupifupi 57 peresenti, kapena a Lazarus Chakwera, amene anapeza 33 peresenti.

Mphunzitsi uja anafotokoza chifukwa chake momveka bwino, koma mwachidule kwambiri chifukwa nthawi inali itamuthera. Kuyambira pa chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinafafaniza chisankho cha 2019, wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la onse oponyedwa. Mavoti otere sachokera pa dzina lokha. Amafuna chipani chokhala ndi makomiti m'midzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, amafuna anthu oyang'anira mavoti pa malo oponyera masauzande ambiri, amafuna galimoto, mafuta ndi ndalama, ndipo kwathu kuno amatsatirabe kwambiri chigawo ndi mtundu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 80 pa 100 alionse amakhala kumudzi, choncho chiwerengero cha okutsatira pa Facebook chimanyenga munthu wokhala mtauni. Ine ndimaona kuti Amalawi amadziwa kusiyanitsa munthu amene amawasangalatsa ndi munthu amene angamupatse boma, ndipo mantha akuti woimba aliyense wotchuka angangodzuka n'kulowa ku Sanjika ndi opitirira muyeso. Pa uphungu ndiye nkhani ndi ina, chifukwa dera ndi laling'ono ndipo dzina limathandiza. Malemu Lucius Banda anapambana ku Balaka North mu 2004 ndi mu 2014, Bon Kalindo wa zisudzo za Winiko anapambana ku Mulanje South mu 2014, ndipo mzinda wathu womwe uno unatumizapo oimba Billy Kaunda ndi Allan Ngumuya ku Nyumba ya Malamulo.

Panali mbali ina imene palibe anaikhudza mokwanira, ndipo kwa ine ndi yolemera. Woimba akalowa ndale za chipani, dziko limapeza phungu mmodzi koma limataya pakamwa pamene pankalankhulira anthu osauka mopanda mantha. Amene tinakula m'zaka zoyamba za ulamuliro wa zipani zambiri timakumbukira mmene nyimbo za oimba a ku Balaka ndi a ku Chileka zinkanenera zinthu zimene ife tinkangonong'onezana, ndipo Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 asanakhalepo pa mpando uliwonse. Woimba akavala nsalu ya chipani, theka la omvera ake limayamba kumva nyimbo zake ndi khutu lokayika, ndipo iye mwini sangathenso kudzudzula amene amakhala nawo pa tebulo limodzi. Woimba Youssou N'Dour wa ku Senegal anayesa kuima pa upulezidenti mu 2012, anakanizidwa chifukwa cha kuperewera kwa anthu omusainira ovomerezeka, ndipo pamapeto pake anakhala nduna m'boma la Macky Sall. Kaya dziko la Senegal linapindula kwambiri ndi iye ngati nduna kapena ngati woimba, ndi funso limene ndikanakonda kuti mnyamata wathu uja afunsidwe za iye mwini.

Tsopano ndifike pa chimene chinandipweteka mtima. Mayi a ku Limbe aja anakhala chete kwa nthawi yaitali, manja ali pamiyendo, mpaka wotsogolera anawakumbukira patatha pafupifupi ola lathunthu. Analankhula m'Chichewa chosasakaniza, mosathamanga, ndipo anayamba ndi namondwe wa Freddy amene anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023. Anati mchemwali wawo anakhala masabata angapo pa msasa wa pasukulu, ndipo anthu otchuka ambiri anabwera ndi ufa, mabulangeti ndi zidebe, ena ndi makamera, ena mwakachetechete, ndipo onsewo amawathokoza kuchokera pansi pa mtima chifukwa tsiku limenelo ana anadya. Koma kupereka thumba la ufa, anatero mayiwo, ndi ntchito ya tsiku limodzi imene munthu amaichita ndi ndalama zake ndipo amathokozedwa pomwepo, pamene kuonetsetsa kuti anthu asamangenso m'mbali mwa phiri, kuti ngalande zikumbidwe, ndiponso kuti ndalama zothandizira ovutika zisathere m'matumba a anthu, ndi ntchito ya zaka imene palibe amene amakujambula ukamaichita. Kenaka anapereka chitsanzo cha gulu lawo. Anati m'banki m'khonde yawo muli mayi wina woimba bwino kwambiri, amene amatsogolera nyimbo pa maliro ndi pa ukwati ndipo aliyense amamukonda, koma posankha msungichuma sanayang'ane mawu. Anasankha mayi amene anayamba wasungapo ndalama zochepa za chithandizo cha maliro kwa zaka ziwiri n'kuzibweza zonse popanda kuperewera ngakhale K100, ndipo akafunsidwa amatulutsa kope osakwiya. Ngati mayi woimbayo akufuna usungichuma, anatero, palibe amene angamuletse, koma ayambe wasunga zochepa kuti timuone.

Ali pakati pofotokoza zimenezi mvula inayamba kugunda pamalata, ndipo posakhalitsa magetsi anathima. Kuthima kwa magetsi si mlandu wa eni malo, koma jenereta inatenga mphindi pafupifupi khumi ndi zisanu kuti ilire, chifukwa mnyamata wodziwa kuiliza anali atatumidwa kwina, ndipo malo amene amalipiritsa anthu kuti adzamve mawu sayenera kugwidwa chonchi m'nyengo ya mvula. Operekera zakudya anachita changu kuyatsa makandulo, ndipo pa chimenecho ndiwayamikire. Chimene sindingachiyamikire ndi chakuti magetsi atayaka, wotsogolera sanabwerere kwa mayi aja kuti amalize. Anapereka chokuzira mawu kwa woimba, n'kumufunsa ngati iye mwini ali ndi maganizo odzaima tsiku lina, ndipo mnyamatayo analankhula mphindi zina khumi anthu akukuwa ndi kuimba mluzu. Ine ndinkayang'ana wotchi, ndipo ndikunena motsimikiza kuti pa ola limodzi ndi theka mayi aja analankhula mphindi zosapitirira zisanu ndi chimodzi, pamene woimba analankhula kupitirira theka la ola. Mnyamatayo sindimuimba mlandu, chifukwa anayankha zimene anafunsidwa ndipo anachita mwaulemu, mpaka ankawatchula mayiwo kuti amayi anga. Mlandu ndi wa okonza, amene anaitana anthu kudzakambirana ngati kutchuka kuyenera kupatsa munthu mpando, koma iwo eni n'kugawa nthawi molingana ndi kutchuka. Alamu anga anandinong'oneza kuti, "Alamu, mmene zikuchitikira munomu ndi mmenenso zimachitikira pa kampeni," ndipo sindinawatsutse.

Nthawi ya mafunso inafupika chifukwa cha kuchedwa kuyamba ndi kuthima kwa magetsi, moti anafunsa anthu asanu okha, atatu mwa iwo kwa woimba, ndipo mmodzi anangofuna kudziwa tsiku limene chimbale chatsopano chituluke. Vuto lina ndi chilankhulo. Chikalata chinalonjeza Chichewa ndi Chingerezi, koma mphunzitsi ndi wotsogolera ankati akayamba m'Chichewa, chiganizo chachiwiri athawira ku Chingerezi osabwereranso, ndipo ndinaona agogo a ku Ndirande aja akufunsa mdzukulu wawo kuti awamasulire. Nkhani ya amene angalamulire Amalawi iyenera kukambidwa m'chilankhulo chimene ovota ambiri amamva, ndipo bambo opuma pantchito aja anaonetsa kuti n'zotheka, chifukwa anafotokoza za kugwa kwa kwacha ndi za ngongole za boma m'Chichewa chomveka kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ine maganizo anga atatha madzulo amenewa ndi akuti munthu wotchuka asaletsedwe ndipo asanyozedwe chifukwa cha luso lake, popeza kuimba kapena kuchita zisudzo si umbuli, ndipo anthu a madigiri atilakwira mokwanira kuti tisamanyadire mapepala okha. Koma kutchuka kumangotiuza kuti munthuyo timamudziwa nkhope ndi mawu. Sikutiuza ngati anayendetsapo ndalama za anthu ena n'kuziwerengera poyera, ngati amalipira bwino anyamata a gulu lake loimba, ngati ali ndi anthu omuzungulira amene angamuuze kuti walakwa iye n'kumva, kapena ngati angapirire chaka chathunthu akudedwa chifukwa cha chisankho choyenera. Zimenezi zimaoneka munthu akakhala khansala, phungu, meya kapena mkulu wa bungwe kwa zaka zingapo, ndipo amene akufuna kulumpha zonsezi n'kuyambira pamwamba akutipempha kuti timuyesere pa miyoyo ya anthu oposa 20 miliyoni. Palinso choopsa china, chakuti anthu a ndalama amene sangapambane ndi nkhope zawo amakonda kufunafuna nkhope yokondedwa kuti abisale kumbuyo kwake, ndipo woimba wosadziwa mmene boma limayendera ndi wosavuta kumugwiritsa ntchito motere. Funso lakuti ndani akulipira kampeni yake liyenera kufunsidwa kwa wotchuka mofanana ndi kwa wandale wakale.

Za malo enieniwo nditchule zotsala mwachidule. Zimbudzi ndi zaukhondo ndipo madzi analipo, mlonda amayang'anira galimoto bwino, ndipo zokuzira mawu zimamveka mpaka kumbuyo kupatula pamene mvula yakula. Vuto ndi mayendedwe, chifukwa tinatuluka 10 koloko itadutsa, maminibasi atasiya kale kuyenda, ndipo ndinaona achinyamata angapo akukwera njinga zamoto mvula ikuwanyowetsa. Akanayamba pa nthawi yake, anthu akanatuluka 9 koloko isanakwane. Mtengo wa K25,000 ndi woyenera ukauyerekeza ndi chambo chimene ndinadya, koma ndi wolemera kwa mphunzitsi wa pulayimale kapena wophunzira, anthu amene nkhani ngati iyi ikuwakhudza kwambiri, ndipo ndinapempha eni malo kuti aganizire zoika mipando ingapo kumbuyo ya ofuna kumvera okha osadya, pa mtengo wotsika.

Mwini malowa, bambo wodekha amene ankayendayenda pakati pa matebulo usiku wonse, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osadziteteza. Anavomera za nkhuku ndi za jenereta, koma pa nkhani ya nthawi anati popanda dzina la woimbayo pa chikalata theka la mipando likanakhala lopanda anthu, ndipo iwo ali ndi antchito oti awalipire. Ndinawauza kuti, "Bambo, muitaneni ndithu, koma mugule wotchi ya patebulo kuti aliyense alandire mphindi zofanana." Anaseka n'kulemba m'kabuku kawo. Mwezi wamawa akambirana za ndalama zimene zipani zimagwiritsa ntchito pa kampeni, ndipo ndalipira kale malo awiri. Ndawapemphanso kuti ayitanenso mayi a ku Limbe aja, chifukwa magetsi anathima ali pakati pa chiganizo chokhudza kope la msungichuma, ndipo ndikufuna kumva mmene chinathera.